Mbala Yovala Dzina Lanu: Mmene Umbava wa Zitupa Ukuyendera Kuno ku Tete

Amalume anga amalima mbatatesi kumapiri a ku Tsangano, ndipo chibadwire sanaberedwepo nkhuku ndi imodzi yomwe. Agalu ali nawo atatu, khola amatseka okha, tulo tawo n'topepuka. Koma chaka china anaitanidwa kupolisi kuti akafotokoze za nambala ya foni imene inkalandira ndalama zachinyengo. Nambalayo sankaidziwa n'komwe. Chonsecho m'kaundula wa kampani ya mafoni munali dzina lawo, tsiku lawo lobadwa ndi nambala ya bilyeti yawo. Atasinkhasinkha anakumbukira tsiku lina la msika, pamene mnyamata wogulitsa masimukhadi pansi pa ambulera anawapempha chitupa chawocho kuti awalembetsere laini yatsopano. Anaijambula ndi foni yake kumaso ndi kumbuyo, n'kuwabwezera mwaulemu ndi manja awiri. Amalume anabwerera kumudzi ndi laini imodzi. Kuti pa chithunzi chomwecho panalembetsedwa malaini angati, akudziwa ndi mnyamatayo.

Nkhani yawo inatha bwino, ngakhale inawadyera masiku ambiri, ndalama zoyendera ndiponso ulemu pamudzi, pakuti munthu akaitanidwa kupolisi anthu sayamba afunsa kaye chimene walakwa. Chinawazunguza mutu n'chakuti palibe chimene chinasowa. Bilyeti inali m'thumba lawo nthawi yonseyi. Umu ndi mmene umbava umenewu ulili. Wakubayo amatenga zokuzindikiritsani, n'kumachita zinthu ngati ndinu: kulembetsa laini, kutenga ngongole, kutapa ndalama, kupempha thandizo kwa abale anu. Phindu limapita kwa iye, ngongole ndi mlandu zimabwera pakhomo panu.

Tiyambe ndi zimene amafunazo. Choyamba ndi Bilhete de Identidade, imene tonse timangoti BI kapena bilyeti, yoperekedwa ndi ofesi ya Identificação Civil. Nambala yake ili ndi manambala 12 ndi chilembo chimodzi kumapeto. Palinso NUIT, nambala ya msonkho ya manambala 9, yochokera ku ofesi ya misonkho ya Autoridade Tributária, imene amaifunsa kubanki, kuntchito ndi potsegula bizinesi. Kumidzi yambiri, komwe ofesi ya zitupa ili kutali, khadi yovotera ndiyo imagwira ntchito ngati chitupa, pamodzi ndi cédula kapena kalata ya kubadwa. Koma chitupa chimene chakula mphamvu kuposa zonsezi m'zaka zapitazi ndi nambala ya foni. Mwa njira zotumizira ndalama pafoni, mKesh inayamba mu 2011, M-Pesa inafika m'dziko muno mu 2013, kenako e-Mola ya Movitel inalowa mpaka kumidzi kumene banki sinapondeko phazi. Lero mlimi wa ku Domwe kapena ku Furancungo amalandira ndalama za soya ndi nyemba pafoni, mwana wa ku Joni amatumiza thandizo pafoni, ndipo banki ikafuna kutsimikiza kuti ndinudi imatumiza nambala yachinsinsi pafoni yomweyo. Wogwira laini yanu wagwira khomo la nkhokwe.

Boma linaona msanga kuti malaini opanda mwini ndi chida cha akathyali. N'chifukwa chake lamulo la 2015 linakhwimitsa zoti simukhadi iliyonse ilembetsedwe ndi chitupa, ndipo la 2023 linawonjezera zotenga zidindo za zala ndi nkhope ya wolembetsa. Bungwe loyang'anira zimenezi ndi INCM. Cholinga n'chabwino, koma taonani chimene chinatsatira. Kale wachinyengo ankangogula laini n'kuyamba ntchito yake. Tsopano akufunika dzina loti aike pa lainiyo, ndipo lake sangaikepo. Mwa njira imeneyi bilyeti ya gogo wa kumudzi, amene alibe kobiri ndi limodzi kubanki, inasanduka katundu wamtengo. Ndimamva anthu akunena kuti, “Ine wosauka andibera chiyani?” Kwa wosauka mbala siifuna ndalama. Imafuna dzina loyera loti ibisalemo.

Anthu akamva za umbava wa mtundu uwu amaganiza za katswiri wa kompyuta wokhala kutsidya kwa nyanja. Alipo otero, sindikana. Koma kuno kwathu dzina limatuluka kwambiri pakhomo la chifundo ndi la umphawi. Tinazolowera kubwerekana. Khasu, njinga, ngolo, mchere, zonse timapatsana, ndipo wokana amatchedwa womana. Ndiye mphwanu akabwera kuti, “Achimwene, bilyeti yanga sinatuluke, ndibwerekeni yanu ndingolembetsera laini,” pakamwa pamalemera kukana. Kusiyana kwake n'kwakuti khasu likabwerako labwerako, pamene bilyeti imabwerera m'thumba koma dzina limatsala komweko likugwirabe ntchito. Laini ija mphwanuyo akaitaya, akaigulitsa kapena akaibwereketsa kwa mnzake, imayendabe ndi dzina lanu.

Khomo lachiwiri ndi fotokope. Ganizani mapepala amene mnyamata wofuna ntchito ku Moatize amamwaza pachaka: fotokope ya BI, ya NUIT, satifiketi ya sukulu, zithunzi, nambala ya foni, zonse mu envulopu imodzi. Migodi ya malasha inakokera anthu ambiri kumeneko, ndipo akamberembere amadziwa ludzu la ntchito limene lilipo. Amalemba chilengezo chonama pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, n'kuikapo chizindikiro cha kampani yodziwika, n'kunena kuti tumizani zikalata zanu pa nambala iyi lero lomwe, malo atsala ochepa. Ena amawonjezera kuti mulipire kandalama ka fomu kapena ka kuyezetsa kuchipatala. Wopusitsidwayo amalira mametikali 500 amene watumiza, osadziwa kuti chachikulu chimene wapereka ndi envulopu ija. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Malo ojambulira mapepala nawonso ndi ofunika kuwayang'ana ndi diso lina. Fotokope ikatuluka yoderako amangoiponya m'katoni pansi pa tebulo, ndipo chikalata chimene mwatumiza pa WhatsApp kuti akusindikizireni chimatsala m'foni kapena m'kompyuta ya mwini malo mpaka kalekale.

Njira imene imapweteka mwachangu ndi ya simukhadi yachiwiri, imene kumashopu a mafoni amati segunda via. Inakonzedwa kuti ithandize munthu amene wataya foni kuti apezenso nambala yake yakale. Wakuba amene ali ndi zikalata zanu amapita kukanena kuti ndi inuyo, foni yatayika. Zikamuyendera, kaya chifukwa wogwira ntchitoyo sanayang'anitsitse kapena wadyetsedwa kanthu, simukhadi ya m'foni mwanu imafa nthawi yomweyo ndipo nambala imadzukira m'foni ya wakubayo. Mauthenga onse a kubanki ayamba kupita kwa iye. Vuto la kwathu n'lakuti netiweki kuthawa si chachilendo. Munthu wa ku Chifunde kapena kuseri kwa mapiri a ku Angónia akaona foni ilibe netiweki amangoti ibwera yokha, n'kupita kudimba. Muyeso wake ndi wosavuta: ngati anzanu a kampani yomweyo amene mwakhala nawo pamodzi akuimba bwinobwino, inu nokha foni ili zii ngakhale mwaizimitsa n'kuiyatsanso, musagone. Bwerekani foni muimbire kampaniyo tsiku lomwelo.

Za mafoni onama ambiri tikuzidziwa. Uthenga uja wachipwitikizi woti ndalama ija tumizani pa nambala iyi unafika pafupifupi m'foni ya aliyense, ndipo umagwira munthu amene analidi ndi ndalama yoti atumize tsiku limenelo. Koopsa kwambiri ndi kuimba kwa munthu wa mawu aulemu, wodzitcha wa ku kampani ya mafoni kapena wa kubanki, amene amakutchulani dzina lonse ndi tsiku lobadwa. Mtima umakhala pansi, mumati uyu akundidziwa, ndi wa ku ofesi ndithu. Pamene zimenezo waziwerenga pa fotokope. Akatero amati akaunti yanu itsekedwa, kapena mwapata mphoto, kapena wina wakutumizirani ndalama molakwitsa, ndipo kuti zikonzeke mutchule PIN kapena muwerenge manambala amene angolowa kumene pafoni yanu. Kampani ya mafoni ndi banki safunsa PIN, kaya pafoni kaya pamaso. Manambala 6 amene WhatsApp imatumiza ndi kiyi wa akaunti yanu. Mukawapereka, wakubayo amalowa ndi chithunzi chanu chomwe, n'kuyamba kulembera azakhali anu ndi anzanu a kumpingo kuti mwana wagonekedwa kuchipatala, thandizeni msanga.

Pali khomo lina limene sitikonda kulitchula. Agogo ambiri sadziwa kuwerenga, ndipo zolembedwa zimene zimatuluka munthu akasindikiza *150# ya M-Pesa kapena *898# ya e-Mola n'zachipwitikizi. Choncho foni amaipereka kwa mdzukulu kapena kwa ajenti kuti, “Mwanawe, tandionere ngati zalowa,” PIN n'kuitchula mokweza pamzere pali anthu. Adzukulu ambiri ndi okhulupirika, maajenti ambirinso amagwira ntchito yawo moona mtima. Koma wodziwa PIN ndiponso wogwira foni akhoza kutapa pang'onopang'ono, kapenanso kutenga ngongole yapafoni m'dzina la gogoyo, n'kufufuta mauthenga. Gogo amangodabwa kuti ndalama imene mwana watumiza ikumafika yoperewera. Kunena zoona, kuuza munthu wosawerenga kuti PIN ndi chinsinsi chako wekha n'kumuuza chinthu chimene sangachikwanitse. Chotheka n'chakuti banja lisankhe munthu mmodzi wodziwika wothandiza gogoyo, ndipo wina wachiwiri, makamaka wotumiza ndalamayo, aziyang'ana mauthenga ndi ndalama yotsala nthawi ndi nthawi. Anthu awiri akamaonerana, dzanja limachita manyazi.

Kumadera a fodya monga Macanga, Chifunde ndi Angónia nkhaniyi ili ndi nkhope yakeyake. Alimi amatenga feteleza, mbewu ndi zipangizo pangongole, ndipo ngongoleyo imadulidwa pogulitsa mabelo. Munthu amene ali ndi ngongole yakale, amene dzina lake silingalandiridwenso, amatha kulembetsa ndi chitupa cha mkazi wake, cha mlamu wake kapena cha mnyamata wake waganyu. Fodya akakagulitsa kwina, ngongole imatsalira mwini chitupa amene feteleza sanamuone n'komwe. Ena amavomera okha chifukwa cha thumba limodzi limene alonjezedwa. Kuvomera koteroko n'kusaina ngongole ya mwini wake.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti dzina lake likuyenda kwina? Kawirikawiri zizindikiro zimabwera zing'onozing'ono. Kulandira manambala otsimikizira amene simunapemphe, ndiye kuti wina akugogoda pa akaunti yanu. Uthenga wokuthokozani chifukwa cha ngongole imene simunatenge, kapena wokukumbutsani kubweza. PIN imene mwaigwiritsa ntchito zaka zambiri kukanidwa mwadzidzidzi. Mnzanu kukufunsani kuti mwana wapeza bwanji pamene kunyumba kulibe wodwala. Kupita kukalembetsa laini n'kuuzidwa kuti dzina lanu lili kale ndi malaini ambiri. Chizindikiro chochedwa kwambiri, komanso chowawa, ndi kukanizidwa ngongole kubanki chifukwa akuti muli ndi ina yosabweza. Banki yaikulu ya dziko lino, Banco de Moçambique, imasunga kaundula wa ngongole, Central de Registo de Crédito, amene mabanki amayang'anamo asanabwereketse munthu. Dzina likadetsedwa m'menemo, banki iliyonse imaliona.

Zikachitika, dongosolo la zochita lili ndi kufunika kwake, chifukwa ndalama yapafoni imasamuka m'mphindi zochepa ndipo ikatapidwa kwa ajenti kuibweza kumavuta. Yambani ndi kutseka pamene pakudontha. Imbirani kampani ya mafoni kuti atseke laini ndi akaunti ya ndalama, imbiraninso banki kuti atseke khadi ndi zotumiza ndalama pafoni. Nambala yoimbira muitenge kumbuyo kwa khadi ya banki kapena pa zikalata za kampaniyo, osati mu uthenga umene wakutumizirani wachinyengoyo. Kenako uzani abale ndi anzanu, mwa njira iliyonse, kuti asatumize kanthu kwa aliyense wolemba m'dzina lanu. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Mphunzitsi, mkulu wa mpingo kapena wabizinesi wodziwika pa Ulongwe safuna kuti anthu adziwe kuti wapusitsidwa, ndiye amakhala chete masiku awiri pamene wakuba akukolola mwa abale ake. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Opusitsidwa ndi akathyali amenewa si opusa ayi, amangokumana ndi anthu amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi yomweyo.

Musafufute kanthu. Mauthenga, nambala imene inaimba, nthawi yake, nambala ya chitsimikizo cha ndalama imene inatuluka, zonse zisungidwe, ndipo muzilembenso m'kope kuopa kuti foni ingatayike. Mukatero pitani ku esquadra kapena ku komando ya polisi ya boma lanu mukapereke dandaulo. Milandu yotere amafufuza ndi a SERNIC, nthambi yofufuza milandu imene inakhazikitsidwa mu 2017 m'malo mwa nthambi yakale ya PIC, ndipo mukhozanso kukadandaula ku Procuradoria, ofesi ya oimira boma pa milandu, ya m'boma lanu. Kuyambira mu 2022 palinso njira yodandaulira pa intaneti za chinyengo cha pafoni ndi cha ndalama zapamakina, imene inakhazikitsidwa ndi Procuradoria-Geral da República mogwirizana ndi INCM, mabanki ndi makampani a mafoni. Ndikudziwa zimene ena anene, kuti kupita kupolisi n'kutaya nthawi, ndalama sizibwerera. Mwina sizibwereradi. Koma chimene mukupitira kwenikweni ndi pepala lokhala ndi chidindo ndi tsiku, losonyeza kuti munanena kale kuti dzina lanu likugwiritsidwa ntchito ndi wina. Tsiku limene laini ya m'dzina lanu idzapezeke pa mlandu, kapena wangongole adzafike pakhomo, pepala limenelo ndilo lidzakuyankhulireni. Amalume anga analibe, n'chifukwa chake anayenda maulendo ambiri.

N'chimodzimodzi bilyeti ikatayika kapena ikabedwa pamodzi ndi kachikwama mu chapa. Anthu ambiri amadikira mpaka tsiku limene adzaifune. Kanenereni kupolisi sabata yomweyo, mutenge kalata yosonyeza kuti yatayika, mukapemphe ina ku Identificação Civil, ndipo kalatayo muisunge ngakhale yatsopano itatuluka.

Ku banki ndi ku kampani ya mafoni dandaulo la pakamwa limauluka ndi mphepo. Lembani kalata, mupange fotokope, ndipo wolandirayo adinde ndi kusaina pa yanu yotsala. Pemphani kuti akuonetseni pangano la ngongole imene akuti munatenga, siginecha yake ndi chitupa chimene chinaperekedwa. Ku kampani ya mafoni funsani kuti dzina lanu lili ndi malaini angati, ndipo amene simukuwadziwa atsekedwe. Banki ikapanda kukuyankhani mokhutiritsa, Banco de Moçambique imalandira madandaulo a makasitomala, monga mmene INCM imalandirira okhudza makampani a mafoni. Amene alibe ndalama ya loya apite ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu kwaulere. Chenjezo limodzi: musabweze ngakhale pang'ono ngongole imene simunatenge pofuna kuti akusiyeni, chifukwa kulipirako kukhoza kuoneka ngati mwaivomera.

Povuta kwenikweni ndi pamene kafukufuku wafika pakhomo n'kupeza kuti wakubayo ndi mwana wa mlongo wanu. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Banja limakhala pansi, ankhoswe ndi amalume amati tikambirane zapachibale, nkhani isapite kuboma. Sindinyoza bwalo la banja kapena la amfumu. Limatha kubwezetsa ndalama ndi kusunga ubale, zimene khothi silichita kawirikawiri. Koma bwalo la pansi pa mtengo silingafufute dzina m'kaundula wa banki kapena wa kampani ya mafoni. Ngati mwasankha kukhululuka, khululukani, koma wolakwayo apite nanu limodzi kukatseka laini kapena kuisamutsira m'dzina lake, ndipo za ngongole zilembedwe papepala pamaso pa amfumu kapena mlembi wa bairro, mboni zisaine. Mudziwenso kuti kubwereketsa dzina mukudziwa kuti likagwira ntchito yachinyengo kumakulowetsani mu mlandu womwewo.

Zodzitetezera zilipo zingapo zosalira ndalama. Pa fotokope iliyonse imene mukupereka lembani ndi cholembera, modutsa pa chithunzicho koma osaphimba manambala, kuti ndi ya ntchito yakuti, kwa akuti, tsiku lakuti. Mafotokope olakwika muwatenge mukaotche. PIN isakhale chaka chobadwa, pakuti chakacho chalembedwa pa bilyeti pomwepo, ndipo isalembedwe pa kapepala kobisidwa kuseri kwa foni. Pa WhatsApp tsegulani chitetezo chachiwiri chofuna PIN yanuyanu. Polembetsa laini pitani pa shopu yodziwika, ndipo muone ndi maso anu kuti walembetsa imodzi.

Ife a m'malire tili ndi katundu wowirikiza. Wochita malonda pa Calómuè ndi Dedza, pa Zóbuè ndi Mwanza, kapena m'misika ya m'mbali mwa msewu wa ku Ntcheu, nthawi zambiri amayenda ndi malaini awiri, ya kuno ndi ya ku Malawi, ya TNM kapena Airtel. Popeza kulembetsa laini kumafuna chitupa, ambiri laini ya tsidya linalo anailembetsa m'dzina la msuweni kapena la mnzawo wa pamsika. Zikamayenda bwino palibe amene amaganizako. Foni ikabedwa, mwini ndalama sangatseke lainiyo kapena kutenga simukhadi ina chifukwa m'kaundula si yake, ndipo mwini dzina amayankha mlandu wa laini imene sanaigwirepo. Apolisi a mbali ino alibe mphamvu pa kampani ya mbali inayo, choncho dandaulo limayenera kukaperekedwa m'dziko limene lainiyo inalembetsedwa, mwini dzina ali pomwepo.

Palinso malaini ogona. Mnyamata akapita ku Joni n'kusiya simukhadi m'chikwama miyezi yambiri osaigwiritsa ntchito, kampani imaitseka ndipo patsogolo nambalayo imagulitsidwa kwa munthu wina. Ngati banki, Facebook ndi WhatsApp zinamangiriridwa pa nambala imeneyo, mwini watsopano ndiye azilandira manambala otsimikizira. Wopita kutali asinthe nambala kubanki asananyamuke, kapena aonetsetse kuti lainiyo ikugwirabe ntchito. Za omwalira n'chimodzimodzi. Pamaliro timagawa zovala, ziwiya ndi njinga, foni n'kupatsa mdzukulu simukhadi ili momwemo, bilyeti ya malemu n'kutsala m'sutikesi imene aliyense amatsegula. Dzina la womwalira ndi limene mbala imalikonda koposa, chifukwa mwini wake sadzapita kukadandaula. Imfa ikalembetsedwa ku Registo Civil, mmodzi wa akuluakulu a banja atenge kalata ya imfayo apite nayo kubanki ndi ku kampani ya mafoni, akafunse za ndalama zotsala, atseketse akaunti ndi laini, ndipo bilyeti ya malemu isungidwe ndi munthu mmodzi amene banja lonse likumudziwa.